Borg, Camilleri, Farrugia: mmene mungalondolere dzina la banja la ku Malta

Ngati m'nyumba mwanu mudalowa dzina la ku Malta, kaya kudzera mwa mkamwini, mwa mtengwa, kapena mwa agogo ena amene adangosiya dzina ndi chithunzi chimodzi, ndiye ana ayamba kufunsa kumene dzinalo lidachokera, musathamangire kugula kabokosi koyezera DNA. Ndalama yoyamba ipite ku kope ndi cholembera. Kuyezetsa kudzafika nthawi yake, ndipo n'kothandiza, koma mukayamba nako mudzangolandira mndandanda wa anthu mazanamazana oti ndi abale anu, popanda chokuuzani kuti chibalecho chidadzera mwa yani.

Vuto ndi kuchepa kwa maina. Malta ndi zilumba zitatu zokhala anthu, Malta, Gozo ndi Comino, pakati pa nyanja ya Mediterranean, makilomita osakwana 100 kummwera kwa Sicily. Dziko lonselo ndi masikweya kilomita 316 okha, ndipo kalembera wa 2021 adapezamo anthu oposa 500,000. Pa kalembera wa 2011, maina khumi okha, Borg, Camilleri, Vella, Farrugia, Zammit, Galea, Micallef, Grech, Attard ndi Spiteri, adali a pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse. Choncho Borg wa ku Melbourne akakumana ndi Borg wa ku Cardiff asafulumire kukumbatirana, monganso Phiri wa ku Dedza sangangoti Phiri wa ku Chipata ndi mwana wa bambo ake aang'ono.

Anthu ambiri amasokoneza mafunso atatu. Tanthauzo la dzina limayankhidwa ndi akatswiri a zilankhulo. Mudzi ndi maina a makolo anu zili m'mabuku a tchalitchi ndi a boma. DNA imangonena ngati amuna awiri adachokera kwa kholo limodzi lachimuna, ndiponso ngati khololo ndi laposachedwa kapena lamakedzana. Chida chilichonse mwa zitatuzi chikapatsidwa funso la chinzake chimanama, ndipo bodza lake limakhala lokoma kumva.

Kuti mumve zimene dzina likunena, dziwani kaye amene adapondapo pazilumbazi. Afoinike adafikako cha m'ma 700 Khristu asanabadwe, kenako Aroma. Ndi chilumba chomwe chija Baibulo limachitcha Melita, pomwe chombo cha Paulo chidasweka. M'chaka cha 870 Aluya ochokera kumene lero kuli Tunisia adachilanda. Wolemba wina wachiarabu, al-Himyari, adasiya mbiri yoti chilumbacho chidatsala bwinja kufikira cha m'ma 1048 pomwe Asilamu adadzamangamo midzi. Ofukula za m'nthaka amatsutsa zoti chidali chopandiratu munthu, koma pa chilankhulo ambiri amagwirizana: Chimalta chidaphuka kuchokera ku Chiarabu chimene chinkalankhulidwa ku Sicily. Roger, mtsogoleri wa Anormani, adafika mu 1091. M'zaka za m'ma 1240 mfumu Frederick II idathamangitsa Asilamu, ndipo amene adalola kubatizidwa adatsala. Ayuda adathamangitsidwa mu 1492. Mu 1530 kudabwera asilikali achipembedzo a gulu la Yohane Woyera pamodzi ndi Agiriki a ku Rhodes, ndipo doko lawo lidakoka amalinyero ndi amisiri a ku Italy, France ndi Spain kwa zaka zoposa 250. Angerezi adalowa mu 1800 n'kuchoka pa ulamuliro mu 1964.

Gulu lililonse lidasiya maina. Akale kwambiri ambiri ndi achiarabu: Borg ndi nsanja, Cassar ndi linga, Farrugia ndi katambala, Fenech ndi kalulu, Micallef ndi woweruza, Saliba ndi mtanda. Maina oyamba ndi "Bu" adachokera ku "Abu", kutanthauza bambo wa chakuti kapena mwini chakuti: Buhagiar ndi mwini miyala, Buttigieg ndi mwini nkhuku. Lomalizali ladziwika dziko lonse chifukwa cha wandale wa ku America Pete Buttigieg, amene bambo ake adabadwira ku Ħamrun. Camilleri ndi woyendetsa ngamila, ndipo lidadzera ku Sicily. Grech ndi Mgiriki. Catania, Messina ndi Pisani amatchula mizinda ya ku Italy. Buku limene muyenera kulifunafuna ndi dikishonale ya maina a ku Malta imene Mario Cassar adatulutsa mu 2003. Zina zimene mungawerenge pa intaneti zokhudza zishango za mabanja ndi makolo achifumu, zambiri ndi zogulitsira makapu ndi malaya basi.

Tsono chenjerani pano. Dzina lachiarabu silitanthauza kuti kholo lanu lidachokera ku Arabia. Limangosonyeza kuti amene adamutcha dzinalo ankalankhula Chiarabu, zimene aliyense pachilumbapo ankachita, Mkhristu, Msilamu ngakhale Myuda. Dzina longa Borg lingathe kuyamba kangapo m'midzi yosiyana, popeza nsanja zidali zambiri. Ndipo pali njira zina zimene dzina limalumphira kwa munthu wa magazi ena. Pa nthawi ya gulu la Yohane Woyera Malta idali ndi akapolo ambiri, Aturuki, anthu a kumpoto kwa Africa ndiponso akuda a kummwera kwa Sahara. Godfrey Wettinger adalemba buku lalikulu la ukapolowu, lotuluka mu 2002. Kapolo akabatizidwa kapena kumasulidwa, kawirikawiri ankatenga dzina la mbuye wake kapena la womuimira pa ubatizo. Mwana wobadwa kunja kwa ukwati ankatha kutenga dzina la mayi. Wotoledwa ankapatsidwa dzina ndi omutola. Apa ndi pamene DNA imaposa mapepala, koma tisanafikepo tiyeni timalize za kope lija.

Yambani ndi wamkulu kwambiri amene ali moyo kumbali ya dzinalo. Safunsa adadya phula. Mufunseni zinthu zinayi makamaka: mudzi kapena parishi, dzina la kwawo la mkazi aliyense wa m'banjamo asanakwatiwe, chaka chimene banja lidachoka ku Malta, ndi dzina lachipongwe la banja. Amalta amalitcha laqam, ndipo m'midzi ndi limene limasiyanitsa a Vella awa ndi a Vella awo. Nkhalamba ya ku Żejtun kapena ku Nadur ingathe kupukusa mutu mukatchula dzina la m'chiphaso, koma mukatchula laqam ikuuzani msewu ndi khomo. Pa zikalata za maliro ndi za ukwati mukaona mawu oti "xebba" patsogolo pa dzina, ndiye dzina la mayiyo la kwa bambo ake. Lembani zonse ndi tsiku limene mwauzidwa ndi amene wakuuzani, chifukwa pakapita chaka simudzakumbukira zomwe mudamva ndi zomwe mudangoganiza.

Funsaninso ngati banjalo lidaima kwina lisanafike kumene lili. M'zaka za m'ma 1800 Amalta ambiri adapita ku Tunisia, Algeria, Tripoli, Egypt, Corfu ndi Gibraltar. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adakhamukira ku Australia, Britain, Canada ndi America, makamaka Melbourne, Sydney, London, Toronto ndi Detroit. Munthu woti agogo ake adabadwira ku Alexandria kapena ku Tunis akataya miyezi akuwafuna m'mabuku a ku Valletta, pomwe adayenera kubwerera m'mbuyo mbadwo umodzi kapena iwiri.

Kaundula wa boma wa kubadwa, ukwati ndi imfa adayamba mu 1863, ndipo masatifiketi ake mungathe kuitanitsa pa intaneti ku Public Registry. Satifiketi imodzi ya kubadwa imakupatsani maina a makolo ndi kumene adabadwira, ndiye mwapeza pokwera. Mukabwerera kupyola 1863 mumalowa m'mabuku a maparishi, ndipo apa Malta ndi dziko lamwayi. Msonkhano wa Trent, umene udatha mu 1563, udalamula ansembe kulemba ubatizo ndi maukwati, ndipo m'maparishi akale mabukuwo amayambira chapakati pa zaka za m'ma 1500. Ambiri adajambulidwa mothandizidwa ndi Hill Museum & Manuscript Library ya ku Minnesota. Tsatirani maukwati koposa ubatizo. Cholembedwa cha ukwati chimatchula mkwati, mkwatibwi ndi makolo a onse awiri, choncho chilichonse chimakukwezani mbadwo umodzi popanda kuganizira. Ubatizo umasokoneza chifukwa m'mudzi umodzi mungakhale a Giuseppe Borg asanu obadwa zaka zoyandikana.

Mabukuwa adalembedwa m'Chilatini ndi m'Chitaliyana, ndipo wansembe ankalemba dzina mmene walimvera. Ġużeppi ndi Giuseppe ndi Josephus ndi munthu mmodzi. Xerri ndi Scerri ndi dzina limodzi, chimodzimodzi Xicluna ndi Scicluna, popeza "x" wa Chimalta amamveka ngati "sh". Mawu oti "quondam" patsogolo pa dzina la bambo akutanthauza kuti adali atamwalira kale, zimene zimakuthandizani kupeza chaka cha imfa. Kope lanu likhale ndi tsamba la malembedwe onse a dzina lanu amene mwakumana nawo.

Pali mitundu iwiri ya zikalata za tchalitchi imene anthu amaiwala. Mlendo akafuna kukwatira ku Malta ankayenera kutsimikizira ku likulu la bishopu kuti sadasiye mkazi kwawo, ndipo mafailo amenewa, otchedwa stati liberi, amatchula kumene adachokera ndi mboni zake. Ngati dzina lanu lidabwera ndi mmalinyero wa ku Marseille kapena msilikali wa ku Naples, yankho lingakhale m'menemo, DNA isanayezedwe n'komwe. Mtundu wina ndi zilolezo za maukwati a pachibale, zimene nthawi zambiri zimalongosola mmene awiriwo adaliri pachibale. Kupatula izi, National Archives ku Rabat imasunga mafomu akale ofunsira pasipoti, ambiri ali ndi zithunzi, ndipo Notarial Archives ku Valletta ili ndi mawilo ndi mapangano a chuma cha ukwati kuyambira m'zaka za m'ma 1400. Kale kuposa apo kuli mndandanda wa amuna olondera chilumba wa mu 1419 ndi 1420, umene Wettinger adausindikiza. Dzina lanu likapezekamo, mwadziwa kuti lidalipo pachilumbapo zaka 600 zapitazo ndi midzi imene lidali, koma musalumikize mzere wanu kwa munthu wa m'menemo popanda chikalata.

Banja la ku Gozo lili ndi mpata wakewake. Mu 1551 asilikali a Aturuki adagwira pafupifupi anthu onse a pachilumbacho, pakati pa 5,000 ndi 6,000, n'kupita nawo ku ukapolo. Ena adaomboledwa n'kubwerera, koma ambiri amene adadzazanso Gozo adachokera ku chilumba chachikulu ndi ku Sicily. Mzere wa ku Gozo ukakutherani chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, wolokerani ku maparishi a ku Malta.

Mukafika pomwe mapepala atha, kapena pomwe akukupatsani amuna awiri a dzina limodzi osadziwika kuti wanu ndi uti, nthawi ya kuyezetsa yakwana. Mayeso alipo atatu, koma olondola dzina ndi amodzi: Y-DNA. Imeneyi imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, yosasakanizika ndi ya mayi, ndipo imayenda njira yomwe dzina la banja limayenda ku Malta. Mkazi alibe, choncho ayezetse bambo ake, mchimwene wake, bambo aakulu kapena aang'ono, kapena mwana wawo wamwamuna. Amalume pano alibe gawo ngati dzinalo ndi la kuchimuna. Koma ngati dzina la ku Malta lili kwa amayi anu, amalumewo ndiye munthu wofunika kuposa wina aliyense, ndipo mwana wa mlongo wawo, ngakhale akhale mwamuna, sangawalowere m'malo. Mabanja ambiri amataya ndalama pamfundo iyi, poyezetsa munthu amene ali pafupi m'malo mwa munthu woyenera.

Kampani imene imagulitsa mayeso a Y-DNA oti mufananitse ndi anthu ena ndi FamilyTreeDNA ya ku Houston. Ili ndi Y-37, Y-111 ndi Big Y-700. Awiri oyambawo amawerenga malo 37 kapena 111 amene amasintha msanga. Big Y imafufuza masinthidwe osowa amene amachitika kamodzi n'kutsikira kwa zidzukulu zonse, ndipo ndi imene imaika munthu pa nthambi yakeyake. Maganizo anga ndi akuti banja losalemera liyambe ndi Y-37 pa amuna awiri m'malo mwa Big Y pa mwamuna mmodzi. Zotsatira za munthu mmodzi paokha sizinena kanthu za dzina. Pezani m'kope lanu kholo lakale kwambiri limene muli nalo umboni, ndipo funani amuna awiri amoyo ochokera kwa ana ake aamuna awiri osiyana, atalikirane momwe angathere. Akafanana, mwatsimikiza kuti mzere wonse kufikira kwa khololo ndi woona, ndipo mwadziwa chizindikiro cha banja lanu. Akasiyana pa malo amodzi kapena awiri mwa 37, palibe chodandaulitsa. Akasiyana pa malo khumi kapena kuposa, sadachokere kwa kholo limodzi m'nthawi ya maina, ndiye pafunika mwamuna wachitatu wa nthambi ina kuti mudziwe mbali imene mzere udaduka. Mukatero mungayambe kufananitsa ndi amuna ena a dzina lanu a m'midzi ina, ndi kulowa m'magulu a dzina kapena a dera amene ali pa kampaniyo, amene salipiritsa.

Kuyeza kwenikweniko n'kosavuta. Makampani ena amatumiza timitengo ta thonje topaka mkati mwa tsaya, ena kabotolo kolavuliramo. Woyezedwayo asadye, asamwe, asasute fodya kapena kutafuna chingamu kwa theka la ola kapena ola lathunthu asanayeze, malinga ndi pepala la malangizo. Kwa okalamba timitengo ta thonje ndi tabwino chifukwa malovu amavuta kudzaza. Musanalipire onani ngati kampaniyo imatumiza kudziko lomwe muli, ndipo pobweza gwiritsani ntchito njira yotumizira yoti muzitha kulondola phukusi. Mitengo imatsika kangapo pachaka, makamaka chakumapeto kwa Novembala.

Zotsatira zikabwera mudzaona zilembo monga R1b, J2, E kapena G. Amenewa ndi magulu akuluakulu a mizere ya kuchimuna, ndipo adayamba zaka masauzande ambirimbiri zapitazo, pamene maina a mabanja a ku Malta ali ndi zaka mazana asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. J2 anthu amakonda kuitcha "magazi a Afoinike", makamaka chichokere pa kafukufuku wa Pierre Zalloua ndi anzake wa mu 2008, koma gululi limapezeka ku Greece, Italy, Turkey ndi Caucasus yemwe, ndipo lidafalikira Afoinike asanakhaleko. Kafukufuku wa Cristian Capelli ndi anzake, wotuluka mu 2006, adapeza kuti mizere ya amuna a ku Malta imayandikana kwambiri ndi ya ku Sicily ndi kummwera kwa Italy. Izi zikugwirizana ndi zimene katswiri wa zilankhulo Geoffrey Hull adaona, zoti maina ambiri akale a ku Malta amapezekanso m'dera la Agrigento. Wolemba nthano za apolisi Andrea Camilleri sadali Mmalta, adali wa ku Porto Empedocle, pafupi ndi Agrigento pomwepo. Choncho Camilleri kapena Vella wa ku Malta akapeza wofanana naye wa ku Sicily, imeneyo ndi nkhani yoti ailondole ndithu, ndipo apa Big Y pa amuna onse awiri ndi yoyenera mtengo wake chifukwa idzayerekeza nthawi imene nthambi ziwirizo zidapatukana.

Mayeso a AncestryDNA, MyHeritage ndi 23andMe, amene anthu ambiri amagula, amayeza DNA yochokera kumbali zonse, ndipo amathandiza pa mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi yokha. Amawerenga chibale ndi muyeso wotchedwa cM: kholo ndi mwana amagawana pafupifupi 3,500, ana a munthu ndi mbale wake pafupifupi 850, ana a amenewo pafupifupi 230. Kwa Amalta manambalawa amatupa. Anthu a pachilumba chaching'ono adakwatirana okhaokha kwa zaka mazana, ndiye munthu amene kompyuta ikuti ndi mbale wa mbadwo wachinayi angakhale wachibale chakutali kudzera m'njira zisanu ndi imodzi zosiyana. Musayang'ane chiwerengero chonse chokha; onani kutalika kwa chidutswa chachikulu. Zidutswa zambiri zazing'onozing'ono zikungonena kuti nonse ndinu Amalta. Chidutswa chimodzi chachitali, choposa 30 cM, n'chimene chimayenera kalata. Koma mwana wa kholo limodzi Mmalta ndi lina Mmalawi kapena Mzambia ali ndi mwayi umodzi: abale a mbali ziwirizo sasakanikirana, ndiye n'kosavuta kuwalekanitsa. Za maperesenti a mitundu musatayepo nthawi. Kampani ina imaika Malta payokha, ina imaiphatikiza ndi kummwera kwa Italy, ndipo manambalawo amasintha kampani ikangosintha kawerengedwe. Mayeso achitatu, a mtDNA, amalondola mzere wa kuchikazi, kumene dzina limasintha mbadwo uliwonse, choncho pa funso lathu sathandiza.

Musanapake thonje m'kamwa mwa munthu, khalani naye pansi. Mumuuze mosabisa kuti zotsatira zingaonetse kuti agogo ena sadali bambo wa mwana amene ankamutcha wawo, kapena zingatulutse mbale amene banja silimamudziwa. Agwirizane nanu za amene adzauzidwe zikatero. Ngati akana, msiyeni, funani wa nthambi ina. Mumuuzenso kuti DNA ikapita ku kampani siikhalanso m'manja mwanu nokha. Mu 2018 apolisi a ku California adagwira chigawenga chakale pogwiritsa ntchito zotsatira za abale ake zimene zidaikidwa pa tsamba la intaneti la GEDmatch. Mu 2023 akuba a pa intaneti adapeza zambiri za makasitomala a 23andMe pafupifupi 6.9 miliyoni, ndipo mu Malichi 2025 kampaniyo idapita kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole. Lowani m'malo osankhira zachinsinsi musanayatse zofananitsa ndi anthu ena, sankhani nokha ngati mukulola apolisi kapena ofufuza za mankhwala, ndipo m'malo mwa dzina lonse la woyezedwa mungaike zilembo zoyamba zokha. Ana aang'ono alekeni adzasankhe okha akakula.

Koperani failo ya zotsatira muisunge pa kompyuta ndi pa fulashi, ndipo dzina lolowera ndi nambala yachinsinsi zilembedwe m'kope lija, lodziwika kwa anthu awiri a m'banja. FamilyTreeDNA ili ndi malo olembapo munthu wodzayang'anira akaunti mwini wake akamwalira, ndipo imasunga timitengo tija kwa zaka, moti Y-37 ya chaka chino ingadzakwezedwe kufika pa Big Y popanda kuvutitsanso woyezedwayo. N'chifukwa chake poyamba muyezetse mwamuna wamkulu kwambiri wa dzinalo, ngakhale ndi mayeso otsika mtengo, achinyamata adikire.